Akadali Amake Luwiza

Lachiwiri lapitali ndinapita kumsika wa Bangula kukagula nsomba, monga ndimachitira sabata iliyonse. Dzuwa linali litayamba kale ukali wake, lija la kuno kuchigwa limene limakupeza ngakhale utabisala pansi pa mtengo. Ndinalunjika pa benchi la amayi amene amandigulitsa mlamba wowamba ndi makakana. Chibwerereni kuno kuchokera kwathu kwa Chapananga, ndimawadziwa kuti ndi Amake Domingo. Msika wonse umawaitana choncho.

Ndi munthu wosalankhulalankhula. Amakupatsa moni, kukusankhira nsomba yabwino, kukukulungira, basi. Ndinkangoti ndi mmene anabadwira.

Ndili mkati mosankha, kumbuyo kwanga kunamveka mawu aakulu a munthu wamwamuna, akupereka moni wa Chisena.

"Amake Luwiza! Amake Luwiza! Ndinu ndithu? Muli tani?"

Nditatembenuka ndinaona bambo wamtali, wa imvi za apa ndi apo, akukankha njinga yosenza dengu, mano onse ali pamtunda ndi chimwemwe. Ndinamva pambuyo pake kuti ndi a Zuwawo. Kale ankabweretsa nsomba zouma kuchokera ku Mozambique kudzera ku Marka, kenako anasamukira kutali mkati mwa dzikolo n'kusowa zaka zingapo.

Ine ndinayang'ana uku ndi uku kuti ndione amene akuitanidwayo. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti mzere wonse wa nsomba unangoti zii. Inu mukuwadziwa amayi a nsomba a pa Bangula, kuti akhale chete onse pamodzi pamafunika chachikulu. Mayi wa benchi loyandikana anadzuka msangamsanga, kuwagwira a Zuwawo pamkono, n'kuwanong'oneza mwaukali.

"Bambo inu, khalani chete! Satero! Awa ndi Amake Domingo."

Koma eni ake anali ataimirira kale, nsomba imene anandisankhira idakali m'manja.

"Ndine," anatero. "Ndine pano, achimwene."

A Zuwawo, posadziwa kanthu, anapitiriza kuseka. "Nanga Luwiza ali kuti? Pano ndi namwali wamkulu eti? Paja ankandilanda chipewa n'kuthawa nacho kuseri kwa madengu!"

"Luwiza anapita ndi madzi. Chaka chija anasefukira n'kutilowera m'nyumba tikukhala kutsidya kwa mtsinje. Sitinamupeze."

Bambo uja anavula chipewa. Njinga inatsala pang'ono kuwapulumuka.

"Mayo ine! Pepani, mayi. Pepani ndithu. Ndikanadziwa sindikanakuitanani choncho."

"Mukanandiitana kuti ndani?"

A Zuwawo anayang'ana amayi ena aja ngati akupempha kuti awathandize, koma aliyense maso anali pa nsomba zake.

"Bwerezani," anatero mayi aja. "Ndiitaneninso mmene munandiitanira muja."

Anabwereza, koma ulendo uno motsitsa mawu. Mayi aja anakhala pansi, kudziphimba kumaso ndi nsonga ya chitenje, mapewa akugwedezeka. Mkati mwa kulirako ndinawamva akuti "Takhuta," kumene kuli kuthokoza kwa Chisena. Ankathokoza munthu amene wangowaliza kumene.

Mayi wa benchi loyandikana uja anapukusa mutu. "Mwaona zimene mwachitazi? Ife tinali titawaiwalitsa."

Mawu amenewa anandipsetsa mtima, sindibisa. Kuwaiwalitsa? Mayi mungamuiwalitse mwana amene anamusenza m'mimba? Ndinafuna kuyankha pomwepo, koma ndinadzigwira, pakuti mayi amene ananenayo si munthu woipa. Ndimamudziwa. Ndi amene amawalondera benchi anzakewo akapita kukamwa madzi.

Anthu atachepa ndinakhala pa mwala pafupi nawo, ndipo anandiuza okha ndisanafunse. Luwiza anali mwana wawo woyamba, mtsikana wa ku pulayimale. Madzi atawathamangitsa, anakakhala ku kampu pa sukulu ina. Kumeneko apongozi awo, amayi ake a amuna awo a Zuze, anazungulira kwa amayi onse n'kuwauza kuti dzina lija lisamvekenso, kuyambira tsiku limenelo aziitanidwa ndi dzina la mwana wachiwiri. Onse anamvera. Uthengawo unafika kutchalitchi, unafika kumsika, ndipo alendo ngati ine tinapeza zitakhazikika kale.

"Nanga inu munavomera?" ndinafunsa.

"Sanandifunse, Amadamu. Ndinangodzuka m'mawa wina ndili Amake Domingo."

Owerenga anzanga, ife timadzitama ndi ulemu, ndipo n'zoona tili nawo. Munthu wamayi sitimutchula pagulu dzina lake la pa ubatizo ngati mwana wa sukulu. Ineyo ndili ndi mayina ambiri aulemu. Kwathu kwa Chapananga ndine Nambewe, ndipo amene ndawaposa msinkhu amati Anambewe. Kusukulu kumene ndimaphunzitsa ndine Amadamu. Kwa ana a mchimwene wanga ndine azakhali, kwa abale a amuna anga ndine alamu. Kondakitala wa minibasi akafuna kuti ndikwere ndine amayi, akaona kuti sindikukwera ndimasanduka anti. Wina tsiku lina anandiitana kuti asisi. Ndinamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwana woti ndikanamubereka ndine, mpaka anapepesa yekha.

Mawu ambiri mwa amenewa ndi abwino, ndipo ndimafuna ana athu awaphunzire. Ndimakwiya ndikamva mnyamata wa kabaza akuitana mayi wamkulu kuti "iwe," kapena kumuimbira likhweru ngati akuitana mbuzi. Koma mwano wotere ndi wosavuta kuuona. Aliyense amaudziwa, ndipo pamsika sipalephera kupezeka munthu woudzudzula.

Zimene ndinaona Lachiwiri n'zovuta kuposa pamenepo, chifukwa zinachitidwa ndi anthu abwino, mwachikondi, ndi mawu aulemu okhaokha. "Amake Domingo" si chitonzo. Palibe khoti la m'mudzi limene lingakulipitse mbuzi chifukwa cha mawu amenewa. Koma mawuwo akhala akuwabaya mayi aja tsiku ndi tsiku.

Taganizani za mayina amene timaitanira amayi. La mfunda, monga Nambewe kapena Naphiri, munthu amabadwa nalo, sanalivutikire. La mwamuna, monga Mai Zuze, ndi lobwereka, ukwati ukatha eni ake amalitenga. La Amadamu ndi la ntchito. Koma la "Amake uje" mkazi amachita kulitenga yekha, ndi thupi lake, ena mpaka kuika moyo pachiswe. Ndikukumbukira nditangotuluka m'chikuta ndi mwana wanga woyamba, mayi wina woyandikana nafe anakuwa ali pa mpanda kuti, "Amake Tadala, mwadzuka bwanji?" Tsiku lonse limenelo ndinkangomwetulira ndekha ngati wopusa.

Ndiye mwana uja akamwalira timatani? Timalichotsa dzinalo mwakachetechete n'kuika la mwana wotsatira. Ngati wotsatira palibe, mayiyo amabwerera kukhala "akazi a uje," kapena "mayi aja a nyumba ya malata." Ena timangowaitana kuti "inu," ngati munthu amene takumana naye m'basi.

Bambo sasintha. A Zuze anali a Zuze madzi asanabwere, ndipo lero ndi a Zuze. Chisoni ali nacho, sindikukana, koma palibe amene anawachotsera kanthu pa dzina lawo.

Timati ndi chifundo. Chifundo kwa yani? Ndikuganiza kuti nthawi zambiri timadzimvera chifundo tokha. Dzina la mwana wakufa limalemera pakamwa. Ukalitchula umayenera kumuyang'ana mayiyo m'maso, umayenera kupirira misozi yake, mwina kukhala naye pansi nthawi imene umafuna kukagula tomato. Ukati Amake Domingo zonse zimapepuka, moni umatha msanga, aliyense n'kupita kwake.

Musandimve molakwa. Alipo amayi amene dzina limenelo sangalipirire, amene akalimva mtima umaphwanyikanso. Amenewo tiwamvere, tisawakakamize. Chimene ndikunena n'chakuti mwini dzina alipo, ali moyo, ali ndi pakamwa. Kodi n'chiyani chimatiletsa kudikira maliro aphwe, n'kumufunsa pambali kuti, "Achemwali, tizikuitanani bwanji?" Timakhala pansi kukambirana za maliro, za nkhuni, za amene aphike, koma za dzina la munthu timagamula iye kulibe.

Mwambo wathu umati ukamva za imfa mochedwa, ngakhale patapita zaka, umapitabe kukapepesa pakhomo. A Zuwawo anali atangomva kumene, inenso chimodzimodzi. Choncho tinapangana kuti Loweruka tipite limodzi. Ine ndinatenga ufa wa mapira pang'ono, iwo anatenga nsomba za m'dengu lawo lija.

Banjali likukhala kumtunda, kumene anapatsidwa malo anthu amene anasamuka kutsidya. Tikuyandikira tinaona mayi wokalamba ali pakhonde akupeta mapira. Amenewo ndiwo apongozi aja, amene aliyense amawadziwa kuti Amake Zuze. Mwana wawo, a Zuze, anali pansi pa mtengo wa msawu akumata chubu cha njinga.

A Zuwawo anachepetsa liwiro. "Amadamu, tiodira kuti chiyani? Agogo aja ali pomwepo."

Pakhomo ndi pa eni, ndipo ine ndi mlendo. Koma ndinali nditamva ndi makutu anga chimene mwini dzina akufuna.

"Odi kuno!" ndinatero. "Amake Luwiza alipo?"

Lichero linaima. Agogo aja anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira.

"Pano palibe munthu wa dzina limenelo."

Mpongozi wawo anatuluka kukhitchini akupukuta manja. Anabwera mpaka pakhonde, kugwada pafupi ndi agogo aja monga amachitira mkazi wa pakhomo, n'kunena motsitsa mawu.

"Alipo, amayi."

A Zuze anasiya chubu chija. Ndinaona pankhope pawo kuti chikwatiraneni sanawamvepo akazi awo akutsutsa amayi awo.

Anatiyalira mphasa. Tinapereka moni, tinapereka zimene tinatenga, a Zuwawo ananena mawu a chipepeso bwinobwino m'Chisena, ine ndinawonjezera anga. Agogo aja analandira zonse mwaulemu. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Inu aphunzitsi, mwabwera kudzapepesa kapena kudzafukula? Inu kunalibe. Ine ndinamuona mpongozi wangayu ku kampu kuja, osadya, osasamba, akungoyang'ana kumene kunali madzi. Munthu akangoitana dzina lija ankanjenjemera thupi lonse. Ndikanatani ine? Mdzukulu wanga ndataya, ndionererenso amake akutha? Ndinachita zimene ndinaona kuti zimupulumutsa."

Mkwiyo umene ndinabwera nawo unazilala pomwepo. Ndinali nditawaweruza kale agogowa ndisanawaone, ndipo tsopano ndinkaona mayi amene nayenso analira mdzukulu wake popanda womutonthoza.

"Wakufa satchulidwatchulidwa," anapitiriza. "Musiyeni mwana agone."

"Agone kuti, amayi?"

Anali mpongozi wawo, akadali chogwada.

"Manda alibe. Anzanga amapita kukalambula pa manda a ana awo, ine ndipite kuti? Nyumba inapita, chithunzi chake chinapita, ngakhale yunifolomu yake sindinatsale nayo. Chimene chinatsala ndi dzina limene anandipatsa iyeyo. Domingo ndi wanga, ndimamukonda, Mulungu akudziwa. Koma mukandiitana Amake Domingo zimakhala ngati ndinayambira pa Domingo kubereka. Nanga uja ndinkamuyamwitsa uja anali ndani? Ku kampu kuja munandithandiza, sindikukana. Koma pano ndachira, amayi. Ndibwezereni."

Nkhuku zinayamba kujompha mapira a m'lichero, ndipo palibe amene anaziingitsa.

"Uzolowera," anatero agogo aja, koma mawu awo anali atasintha. "Tonse tinazolowera. Ifenso anatisintha, sitinafe."

A Zuze anadzutsa mutu. "Anakusinthani chiyani, amayi?"

Agogo aja sanawayang'ane. Ankayang'ana manja awo.

"Iwe umayesa ndiwe woyamba? Ndisanakhale Amake Zuze ndinali Amake Tomasi. Anali atangoyamba kukwawa. Anadwala tili m'njira, nthawi ya nkhondo ija, tikuthawa kwathu ku Mozambique kubwera kuno. Anamwalira ali kumsana kwanga. Tinamuika m'mbali mwa njira, pamalo poti ngakhale mutandipereka lero sindingapaloze. Titafika kuno apongozi anga anati dzina limenelo lisamvekenso. Ndinakhala wopanda dzina mpaka unabadwa iwe."

Bambo wamkulu ngati a Zuze, wa ana ake, ndinamuona akusowa pogwira. Anayesa kuimirira, anakhalanso pansi.

"Ndinali ndi mkulu wanga? Amayi, moyo wanga wonse? Bwanji simunandiuze?"

"Anandifunsa ndani? Bambo ako sankafuna kumva. Amene ankalidziwa dzinali onse anapita. Ndatsala ndekha. Masiku ano ndimaganiza kuti ndikatseka maso ine, ndiye kuti mwana uja sanabadwepo."

Ndalirapo pa maliro ambiri m'chigwa chino, koma tsiku limenelo ndinalira mwana amene anamwalira kalekale, kudziko lina, amene sindinamuonepo. A Zuwawo anali atazyolika, chipewa chili pa bondo. Mpongozi uja anasendera n'kugwira phazi la apongozi ake.

Kenako agogo aja anapukuta m'maso ndi chikhato, anaingitsa nkhuku zija, n'kukoka lichero lawo. Anatiyang'ana ife alendo ngati akutiona koyamba, thukuta likutsika ndi kutentha kwa masana.

"Anthuwa ayenda padzuwa," anatero. "Amake Luwiza, tawapatsani madzi akumwa."

Inu amene mukuwerenga, amene mumati ndinu woyamba kubadwa kwanu, kapena mumati m'banja mwanu munabadwa angapo ndipo nonse mukudziwana, amayi anu akadali moyo? Munawafunsapo kuti asanakhale amake inu, anali amake ndani?